Mkonzi wa Nyimbo za Hip-Hop: Phunziro Locokera ku Moyo wa J Dilla

Pa bwalo la gule maso a anthu onse amakhala pa wobvina. Iye ndiye amalandira nthungululu, ndiye amasupidwa ndalama, ndipo dzina lake ndilo limachuka m'midzi yozungulira. Koma akuluakulu odziwa gule amayang'ananso kwa uja wakhala pambali ndi mbalule pakati pa miyendo, amene anayamba kuwamba ng'oma pamoto anthu asanasonkhane. Iyeyo akaphonya, wobvina angakhale waluso cotani amangopunthwa m'fumbi.

Nyimbo za hip-hop, zimene acinyamata azikonda kwambiri masiku ano m'mizinda ndi m'midzi momwe, nazonso ziri ndi woliza ng'oma wake wosaonekera. Amene amamveka pa wailesi ndi uja wolakatula mau mofulumira, wochedwa woimba rapu. Kumbuyo kwake kuli mkonzi wa nyimbo, amene acinyamata amamucha pulodyusa. Iyeyu ndiye amaluka maliridwe a ng'oma, a besi ndi a zoimbira zina kuti zikhale cinthu cimodzi cochedwa biti. Ndiye amasankha mau ojambulidwa bwino ndi kutaya oipa, ndipo ndiye amagamula kuti nyimbo yapsa, ipite kwa anthu.

Sicinthu cacilendo tsopano kuti mwana wa ku Chipata, Katete, Petauke kapena Lundazi auze makolo ake kuti afuna kupita ku Lusaka kukaphunzira nchito imeneyi, napempha kuti agulitsidwe matumba a nshawa kapena ng'ombe kuti papezeke kompyuta. Kholo limafunsa moyenera: kodi imeneyi ndi nchito yodyetsa munthu, kapena ndi masewera a m'tauni? Yankho lipezeka m'mbiri ya mnyamata wa ku Detroit m'dziko la America, James Dewitt Yancey, wodziwika ndi dzina lakuti J Dilla. Anzake a nchito amamuyesa mmodzi wa akonzi aluso koposa onse. Moyo wake uonetsa mmene luso limamangidwira, ndiponso mmene phindu la luso limathawira mwini wake ngati dzina lake ndi gawo lake sizinalembedwe bwino pa pepala.

KUMENE NCHITOYI INACOKERA

Hip-hop inabadwira ku Bronx, dera la anthu osauka la mzinda wa New York. Pa 11 August 1973, mnyamata wobadwira ku Jamaica, Clive Campbell, amene anadzicha DJ Kool Herc, analiza zimbale pa phwando limene mlongo wake Cindy anakonza m'nyumba ya nambala 1520 pa msewu wa Sedgwick Avenue. Tsiku limenelo ndilo ambiri amaliwerengera kukhala ciyambi. Herc anaona kuti anthu amabvina mwamphamvu pa kacigawo kamene woimba waleka nizitsala ng'oma zokha, koma kacigawo kotere kamatha msanga. Cotero anayamba kuika zimbale ziwiri zofanana pa magalamafoni awiri. Cina cikamaliza kacigawoko, cinzake cinali kuyambiranso pomwepo, ndipo ng'oma zinalira kosalekeza. Anyamata ena anayamba kulakatula mau pamwamba pa ng'omazo, ndipo rapu inayambira pamenepo.

M'zaka za m'ma 1980 kunabwera makina otha kugwira kacidutswa ka nyimbo ya pa cimbale, kukasunga, ndi kukaliza nthawi iriyonse munthu akakhudza batani. Kacidutswa kotere kamachedwa sampulo. Makina a SP-1200, amene kampani ya E-mu inatulutsa m'caka ca 1987, anali kusunga masekondi 10 okha. M'caka ca 1988 kampani ya Akai ya ku Japan inatulutsa MPC60, yokonzedwa pamodzi ndi katswiri Roger Linn, yokhala ndi mabatani 16 a mphira amene munthu amagogoda ndi zala monga agogodera ng'oma. Akonzi monga Marley Marl, DJ Premier ndi Pete Rock anamanga maina ao pa makina otere. Kucepa kwa masekondiwo kunawaphunzitsa kusankha, pakuti munthu anali kumvetsera zimbale zambirimbiri kuti apeze kamphindi kamodzi koyenera kusungidwa.

MNYAMATA WA KU CONANT GARDENS

James Yancey anabadwa pa 7 February 1974 ku Detroit, mzinda wodziwika ndi mafakitale a magalimoto ndiponso kampani ya nyimbo ya Motown. Anakulira m'dera la Conant Gardens. M'nyumba mwao simunali kusowa nyimbo, pakuti amai ake, Mai Maureen Yancey, anali odziwa kuimba, ndipo atate ake, Bambo Dewitt Yancey, anali kuliza besi m'nyimbo za jazz. Mwanayo anakonda zimbale akali wamng'ono ndithu. Cuma cake coyamba pa nchitoyi cinali makutu amene anamva nyimbo za mitundu yambiri kwa zaka zambiri asanakhudze makina alionse.

Makina a mtengo wapatali aja analibe. Cimene anali naco ndi galamafoni ndi makina a makaseti. Anali kujambula kacigawo ka cimbale pa kaseti, naimitsa kasetiyo, nabweza singano ya galamafoni pambuyo, najambulanso kacigawo komweko, kubwerezabwereza kufikira masekondi ocepa atasanduka biti yaitali. Dzanja likacedwa pang'ono pokha, msoko unali kumveka ndipo anayenera kubwerezanso. Nchito yotopetsa imeneyi inamphunzitsa kumva nthawi ya nyimbo mosaphonya. Ku sukulu ya sekondale ya Pershing anapalana ubwenzi ndi anyamata awiri oimba rapu, T3 ndi Baatin, ndipo atatuwo anapanga gulu lochedwa Slum Village.

M'dera lomwelo munali kukhala Bambo Amp Fiddler, woliza limba amene anali kuyenda ndi gulu lochuka la George Clinton. Iwowa anali ndi situdiyo m'nyumba mwao. Ca m'ma 1992 anamva makaseti a mnyamatayo, namtsegulira citseko, namlola kuphunzira pa makina ao a MPC. Uku kunali kuphunzira kwa mtundu umene anthu a kumudzi amaudziwa bwino, monga mwana amene amapukusira mvukuto wosula zitsulo kufikira naye atadziwa kusula khasu. Mnyamatayo sanalipire sukulu ya nyimbo. Anapereka nthawi, ulemu ndi khama, ndipo mphunzitsi anaona kuti makina ake sanagwe m'manja mwa waulesi.

M'caka ca 1994 ulendo waukulu wa oimba wochedwa Lollapalooza unafika ku Detroit. Bambo Fiddler anali pa ulendowo, ndipo analiponso Q-Tip wa gulu la A Tribe Called Quest, mmodzi wa akonzi olemekezeka a ku New York. Bambo Fiddler anawakomanitsa awiriwo, ndipo kaseti ya mnyamatayo inafika m'manja mwa Q-Tip. Iye ataimvera anayamba kuuza anzake za mnyamata wa ku Detroit, amene pa nthawiyo anali kudzicha Jay Dee. Caka cotsatira, 1995, gulu la The Pharcyde la ku Los Angeles linatulutsa cimbale ca Labcabincalifornia, cokhala ndi nyimbo zingapo zokonzedwa ndi iye. Yochuka koposa, “Runnin'”, anaimanga pa kacidutswa ka gitala ka nyimbo imene Stan Getz ndi Luiz Bonfá wa ku Brazil anajambula m'caka ca 1963.

Wina anganene kuti mnyamatayo anangocita mwai. Mwai unalipodi, koma unampeza ali ndi kaseti yodzaza m'thumba. Pa tsiku limene anakomana ndi Q-Tip anali ndi zaka 20, ndipo zaka zambiri za unyamata wake anali atazithera m'cipinda ca pansi pa nyumba, osalandira ndalama, osadziwika ndi munthu kunja kwa dera lao. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

CIMENE CINAMSIYANITSA NDI ANZAKE

Makina a MPC ali ndi njira yoongola kugunda kulikonse kuti kugwe pa nthawi yofanana ndendende, monga mapando a cimanga cobzalidwa ndi cingwe. Akonzi ambiri anali kudalira njira imeneyo. Dilla sanafune kuti makina amlamulire. Kugunda kwina anali kukufulumiza pang'ono, kwina nakucedwetsa pang'ono, ndipo anali kucita zimenezi mwadala ndi mosamala kwambiri. Womvera anali kumva ngati ng'oma zifuna kugwa, koma sizinali kugwa. Amene anamvapo amai awiri kapena atatu akusinja mu mtondo umodzi adziwa kuti misi simagwa monga wochi, ndipo kukoma kwa maliridwe ake kuli pomwepo.

Maliridwe amenewa anasintha oimba enieni a zoimbira. Questlove, woliza ng'oma wa gulu la The Roots, ananena poyera kambiri kuti anasintha kalizidwe kake atamva mabiti a Dilla. Ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 Dilla anagwira nchito ndi Questlove, D'Angelo, Erykah Badu ndi Common ku situdiyo ya Electric Lady ku New York. M'caka ca 2000 anakonza mbali yaikulu ya cimbale ca Common cochedwa Like Water for Chocolate, ndiponso nyimbo ya Erykah Badu yakuti “Didn't Cha Know”. Makina amene anali kugwiritsa nchito, MPC3000, analipo m'masitolo ndipo aliyense wa ndalama akanatha kuwagula. Oimba anali kumfuna cifukwa ca kamvedwe kake, kamene sikanali kugulitsidwa m'sitolo.

DZINA LOBISIKA

Apa ndi pamene mbiri ya Dilla isanduka cenjezo. Atayamba kudziwika, Q-Tip anamlowetsa m'gulu la akonzi lochedwa The Ummah, mmene munalinso Ali Shaheed Muhammad. Mgwirizano unali wakuti nyimbo yokonzedwa ndi mmodzi wa iwo izilembedwa m'dzina la gulu. Cotero pa zimbale za A Tribe Called Quest, Beats, Rhymes and Life ca 1996 ndi The Love Movement ca 1998, wogula anali kuwerenga dzina la The Ummah. Anthu ambiri anali kudziwa Q-Tip, ndipo ulemu wa nchito ya mnyamata wa ku Detroit unali kupita kwa wodziwika kale. Gululo linamtsegulira makomo, koma linaphimbanso dzina lake pa zaka zimene linafunika kumveka. Pa nchito iyi dzina lolembedwa pa cimbale ndilo limaitana nchito yotsatira.

Makampani akuluakulu nawo anamcedwetsa. Cimbale ca Slum Village cochedwa Fantastic, Vol. 2 cinakonzedwera kampani ya A&M, koma kampaniyo inamezedwa pamene makampani akuluakulu anali kuphatikizana, ndipo cimbaleco cinakhala cosatuluka kufikira 2000, ena atacijambula kale mwakuba ndi kucifalitsa. M'caka ca 2001 anatulutsa cimbale cakecake, Welcome 2 Detroit, kudzera m'kampani yaing'ono ya ku London yochedwa BBE, ndipo anayamba kudzicha J Dilla kuti anthu asamsokoneze ndi mkonzi wina, Jermaine Dupri, amene anali kuchedwa JD. Pambuyo pake anasaina pangano ndi kampani yaikulu ya MCA, koma cimbale cimene anajambulira kampaniyo cinatsekeredwa m'kabati. Cinadzatuluka m'caka ca 2016 ndi dzina lakuti The Diary, mwini wake atagona m'manda zaka khumi.

Kuti zimenezi zimveke bwino pafunika kudziwa kumene ndalama za mkonzi zimacokera. Njira ziripo zitatu. Yoyamba ndi malipiro a pamanja, operekedwa nchito ikagwiridwa. Yaciwiri ndi gawo la ndalama zimene nyimbo yojambulidwayo imabweretsa ikamagulidwa. M'America mkonzi kawirikawiri amapatsidwa magawo atatu kapena anai pa 100 alionse. Yacitatu ndi gawo la kupeka nyimbo, pakuti wopanga biti amawerengedwa monga mmodzi wa olemba nyimboyo, ndipo pa hip-hop nthawi zambiri gawo lake limafika theka. Malipiro a pamanja amatha m'mwezi umodzi monga ndalama za ganyu. Magawo awiri enawo ali ngati munda wa mango umene umabala caka ndi caka, ndipo ana amaulandira monga colowa. Koma magawowo amapita kwa munthu amene dzina lake linalembedwa, osati amene anthu angokumbukira kuti analipo m'situdiyo.

LAMULO LA KUBWEREKA

Popeza nchitoyi imamangidwa pa tizidutswa ta nyimbo za ena, mkonzi ayeneranso kudziwa lamulo. Pa zaka zoyamba ambiri anali kungotenga osapempha. Zinthu zinasintha m'caka ca 1991, pamene woimba rapu Biz Markie anatenga cigawo ca nyimbo ya Gilbert O'Sullivan yakuti “Alone Again (Naturally)” popanda cilolezo. Mlandu unapita ku khoti la ku New York. Woweruza Kevin Duffy anayamba ciweruzo cake ndi lamulo la m'Baibulo loletsa kuba, naletsa kugulitsa cimbaleco. Kucokera pamenepo makampani anayamba kufuna kuti sampulo iriyonse ipemphedwe ndi kulipiridwa nyimbo isanatuluke. Eni ake amapemphedwa mbali ziwiri: mwini wa cojambulidwaco ndi mwini wa nyimbo yopekedwayo. Mkonzi wosasamala akhoza kutulutsa nyimbo yochuka dziko lonse, ndalama zake zonse nizipita kwa mwini wa kacidutswa kamene anabwereka.

Ngakhale lamulo limenelo silinathandize onse. Clyde Stubblefield anali woliza ng'oma wa James Brown. M'caka ca 1969 analiza kacigawo ka ng'oma zokha m'nyimbo ya “Funky Drummer”, ndipo kacigawo kameneko kanadzatengedwa ndi akonzi m'nyimbo zoposa 1,000. Koma iye anali wolembedwa nchito cabe pa tsiku lojambula, ndipo dzina lake silinalembedwe pakati pa opeka nyimboyo. Cotero ndalama za kubwerekako sizinali kufika kwa iye. Anamwalira m'caka ca 2017 ali ndi ulemu waukulu pakati pa oimba, koma wopanda cuma cimene manja ake anapangira ena.

MATENDA NDI MAPETO

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 Dilla anayamba kudwala. Madokotala anampeza ndi nthenda yosowa ya m'magazi yochedwa TTP, imene imaundanitsa magazi m'timitsempha ting'onoting'ono, ndiponso nthenda ya lupus, imene imacititsa thupi kulimbana ndi ziwalo zake zomwe. Sanaleke nchito. M'caka ca 2003 anatulutsa cimbale ca Champion Sound pamodzi ndi mkonzi mnzake Madlib, kudzera m'kampani yaing'ono ya Stones Throw, ndipo m'caka ca 2004 anasamukira ku Los Angeles. Amai ake anacoka ku Detroit kukamsamalira, nakhala naye miyezi yambiri m'cipatala. Ca kumapeto kwa 2005 anayenda ulendo woimba ku Ulaya ali pa mpando wa magudumu.

Pa 7 February 2006, tsiku limene anakwanitsa zaka 32, kampani ya Stones Throw inatulutsa cimbale cake ca Donuts, cokhala ndi mabiti 31 afupiafupi opanda woimba rapu. Patapita masiku atatu, pa 10 February, anamwalira. Cimbale cimeneco lero cimaphunziridwa ndi akonzi ndi oimba a jazz m'maiko ambiri. Makina ake a MPC3000 anaperekedwa ndi amai ake ku nyumba yosungiramo mbiri ndi miyambo ya anthu akuda a m'America, ya bungwe la Smithsonian ku Washington, imene inatsegulidwa m'caka ca 2016. M'caka ca 2022 Dan Charnas anatulutsa buku la moyo wake lochedwa Dilla Time.

Ulemu wonsewo unadza mwini wake atapita. Cimene anasiyira banja lake pa nthawi ya imfa cinali ngongole za cipatala ndi msonkho wa Boma wosalipidwa, ndipo mikangano ya kayendetsedwe ka cuma ca masiye inatenga zaka. Anasiya ana aakazi awiri aang'ono. Munthu amene nchito yake inamveka pa zimbale zogulidwa zikwi mazanamazana sanasiye nkhokwe yodzaza. Mkonzi wa nyimbo ndi wodzilemba yekha nchito. Alibe bwana womsungira penshoni kapena womlipirira cipatala, ndipo msonkho ayenera kuuwerengera yekha pa ndalama iriyonse imene walandira.

MASIKU A KOMPYUTA

Kucokera pa nthawi ya Dilla zipangizo zachipa kwambiri. Nchito imene inafuna makina a madola zikwi zingapo tsopano icitika pa kompyuta wamba yokhala ndi pulogalamu monga FL Studio, yopangidwa ndi kampani ya Image-Line ya ku Belgium. Mkonzi wochedwa 9th Wonder anagwiritsa nchito pulogalamu yomweyo, pamene inali kuchedwa FruityLoops, pokonza nyimbo ya pa cimbale ca Jay-Z ca The Black Album m'caka ca 2003. Msika nawo wasamukira pa intaneti, kumene mkonzi amayala mabiti ake monga amalonda ayala tomato, ndipo woimba wa dziko lina amagula osaonana naye.

Citsanzo codziwika ndi ca mnyamata wa ku Netherlands wochedwa YoungKio. M'caka ca 2018 woimba wa ku America, Lil Nas X, amene pa nthawiyo sanali kudziwika, anagula biti yake pa intaneti ndi madola 30. Nyimbo imene inatulukamo, “Old Town Road”, inakhala pa nambala 1 pa ndandanda wa Billboard kwa masabata 19 m'caka ca 2019, cinthu cimene sicinacitikepo kale. Koma bitiyo inali ndi kacidutswa ka nyimbo ya gulu la Nine Inch Nails kotengedwa osapempha, ndipo nyimboyo itachuka panafunika kukambirana ndi eni ake, amene maina ao analembedwa pakati pa opeka. Nkhani imeneyi imakopa acinyamata ambiri, koma iwo aiwala zikwi za anzao amene mabiti ao ali pa msika womwewo osagulidwa ndi munthu. Kuchipa kwa zipangizo kwaculukitsa opikisana, ndipo cimene cimasiyanitsa mmodzi ndi anzake cikadali khutu.

ZIMBALE ZA ZAMBIA ZAFIKA KUMENEKO

Nkhani imeneyi ikhudza dziko la Zambia mwa njira yoonekeratu. Woyang'anira kampani ya Stones Throw pa nthawi imene Donuts inatuluka anali Eothen Alapatt, wodziwika kuti Egon. Iyeyu ali ndi kampani yake, Now-Again, imene inafunafuna ndi kusindikizanso zimbale za Zamrock za m'ma 1970, za magulu monga WITCH la Jagari Chanda, Amanaz ndi Ngozi Family. Zimbale zimenezi zinajambulidwa pa zaka zimene Mtsogoleri wa dziko, Dr Kenneth Kaunda, analamula kuti wailesi iziliza makamaka nyimbo za m'Zambia, ndipo zambiri zinasindikizidwa ku fakitale ya Teal ku Ndola. Zitasindikizidwanso zinafika m'makutu a akonzi a hip-hop a ku America.

M'caka ca 2023 Travis Scott anagwiritsa nchito cigawo ca nyimbo ya Amanaz yakuti “Nsunka Lwendo” pa cimbale cake ca Utopia. M'caka ca 2024 Tyler, the Creator, amene amadzikonzera yekha nyimbo zake, anatenga cigawo ca “Nizakupanga Ngozi”, nyimbo ya Ngozi Family ya pa cimbale ca 45,000 Volts ca 1977, naciika m'nyimbo yake yakuti “Noid”. Conco mau a Cinyanja anamveka pa cimbale cimene cinafika pa nambala 1 m'America, ndipo dzina la malemu Paul Ngozi, amene anamwalira m'caka ca 1989, linalembedwa pakati pa opeka nyimboyo. M'Zambia momwe, mkonzi Magnus Mando, wodziwika kuti Mag44, anatsogolera nchito ya cimbale ca Sampa the Great ca 2022 cochedwa As Above, So Below, cimene cinamveka m'maiko ambiri ndipo gulu la WITCH linaimbamo.

Ngati akonzi a kutsidya kwa nyanja amafunafuna maliridwe a kuno, mwana wa ku Cigawo ca Kum'mawa sayenera kudziyesa wosauka pa nchitoyi. Wakulira pakati pa ng'oma za cimtali ndi vimbuza, nyimbo za pamtondo, kalimba ndi kalindula, zimene mnzake wa ku New York ayenera kuzifunafuna ndi ndalama. Cofunika ndi kupempha. Nyimbo ya pa cimbale iri ndi eni ake pa lamulo, ndipo nyimbo za mwambo, makamaka za kudambwe ndi za kucinamwali, ziri ndi akuluakulu ozisunga amene ayenera kufunsidwa munthu asanazijambule. Lamulo la Copyright and Performance Rights Act la 1994 limateteza wopeka nyimbo m'Zambia, ndipo kabungwe ka ZAMCOPS kamasonkhanitsa ndalama kucokera ku nyumba za wailesi ndi malo ena oliza nyimbo nkuzigawira mamembala ake. Wosalembetsa nyimbo zake sayembekezera gawo.

ZOYENERA KUFUNSA NG'OMBE ISANAGULITSIDWE

Kholo limene mwana wake wapempha kompyuta likhoza kuphunzira pa mbiri ya Dilla mafunso oyenera kufunsa. Kodi mwanayo wapanga kale ciani ndi zocepa zimene ali nazo, kaya ndi foni, kaya ndi kompyuta yobwereka? Dilla anayamba ndi makaseti, ndipo makina anamtsata pambuyo. Kodi amamvetsera nyimbo za mitundu yambiri, zakale ndi zatsopano, kapena amangotsanzira imene yachuka mwezi uno? Kodi alipo mmisiri wodziwika khalidwe lake amene wabvomera kumphunzitsa, monga Bambo Fiddler anacitira? Kodi adzadya ciani pa zaka zoyamba, pamene nchitoyi simabweretsa kanthu? Sukulu, munda kapena luso lina la manja siziyenera kutayidwa msanga, pakuti ndizo zimamcirikiza munthu pa zaka zimenezo, ndipo kuwerenga ndi masamu ndizo zidzamthandiza kumvetsa pangano.

Kwa mnyamata kapena mtsikana amene wayamba kale, malangizo ndi awa. Nyimbo isanaturuke m'situdiyo, onse amene anaigwirira nchito akhale pansi, alembe maina ao ndi gawo la aliyense, nasaine, ngakhale ali pacibale kapena paubwenzi. Pangano la kampani lisasainidwe tsiku lomwelo; liperekedwe coyamba kwa loya kapena munthu wodziwa malamulo. Wogulitsa biti adziwe ngati akubwereketsa cabe kapena akugulitsiratu, pakuti mitengo ya ziwirizi isiyana kutali. Dzina la mkonzi lilembedwe pa nyimbo iriyonse, ndipo pa ndalama iriyonse yolandiridwa papatulidwe ya msonkho ndi ya tsiku la matenda.

Nchito ya mkonzi wa nyimbo ndi nchito ndithu, ndipo alipo amene yawadyetsa ndi kuphunzitsa ana ao. Imafuna zaka za kuphunzira mosaonekera monga umisiri wina uliwonse. James Yancey anapereka zaka zimenezo mokwanira, ndipo pa luso palibe amene amamtsutsa. Banja limene lagulitsa ng'ombe kuti mwana ayambe nchitoyi licite khama kuti mbali imene inabvuta kwa iye, ya maina, mapangano ndi msonkho, mwanayo aiphunzire pamodzi ndi mabatani a makina.